Kodi mafizo a nsagwada angaletse kukukuta mano?

Mayi wina walemba kuti: "Adokotala, ndine mayi wa zaka 36 ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, choncho tsiku lonse ndimakhala pakompyuta. Amuna anga akhala akudandaula kuti usiku ndimakukuta mano mwaphokoso moti nthawi zina amadzuka nalo, pomwe ine mwiniwake sindimva kanthu. Chimene ndimaona n'chakuti m'mawa ndimadzuka nsagwada zitauma, mutu ukundipweteka m'mbalimu, ndipo ndikayasamula kumanja kumalira pafupi ndi khutu. Mano anga akutsogolo ayamba kufupika, ndipo limodzi lakumbuyo limapweteka ndikamwa madzi ozizira. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti pali mafizo a nsagwada amene amathetsa vutoli. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo ngati n'zoona, mafizowo amachitika motani? Ndikuopa kuti mano anga atha ndisanakalambe."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo poyamba penipeni ndikupempheni kuti mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi ndimakumana nazo kawirikawiri pa ntchito yanga, ndipo mwa anthu ambiri sizifika poipa ngati zasamalidwa nthawi ikadalipo. Kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anthu 10 alionse amakukuta mano ali m'tulo, ndipo amene amalumanitsa mano masana ali maso ndi ochuluka kuposa pamenepo. Khalidweli limacheperachepera munthu akamakula. Mu 2018 gulu la akatswiri ochokera m'mayiko angapo, lotsogozedwa ndi Frank Lobbezoo wa ku Amsterdam, linagwirizana kuti mwa munthu wathanzi kukukuta mano pakokha sikuwerengedwa ngati matenda, ndipo kumafunika chithandizo kukayamba kuwononga mano kapena kubweretsa ululu. Kwa inu ziwiri zonsezi zayamba kuoneka, choncho mwafunsa pa nthawi yake.

Mnzanuyo sananame, koma wakokomeza. Mafizo a nsagwada amachepetsa ululu, amafewetsa minofu youma, amathandiza pakamwa kutseguka bwino, ndiponso amamuphunzitsa munthu kusiya kulumanitsa mano masana. Chimene sachita ndi kuletsa kukukuta kwa m'tulo. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti musadzataye mtima pakadzatha mwezi mukuchita mafizo mokhulupirika, amuna anu n'kukuuzani kuti phokoso akulimvabe. Zikadzatero sizidzatanthauza kuti mafizowo alephera, chifukwa ntchito yawo ili kwina.

Kukukuta kwa usiku kumayambira mu ubongo. Kale madokotala ambiri ankakhulupirira kuti munthu amakukuta chifukwa chakuti mano akumwamba ndi akumunsi sakukumana bwino, moti ena ankapala mano a odwala kuti alingane, koma maganizo amenewa anatha mphamvu pamene anthu anayamba kupimidwa ndi makina ali m'tulo. Akatswiri a za tulo, makamaka Gilles Lavigne ndi anzake ku Montreal, anaona kuti zinthu zimachitika motsatizana: ubongo umatsitsimuka pang'ono kwa masekondi owerengeka ngati kuti munthu akufuna kudzuka, mtima umathamanga, kapumidwe kamasintha, ndipo kenaka minofu ya nsagwada imakungika n'kuyamba kusuntha. Izi zimachitika makamaka tulo tikakhala topepuka, ndipo zimatha kubwerezeka kangapo pa ola limodzi mwiniwake osadziwa. Lamulo lochokera mu ubongo wa munthu wogona silingaletsedwe ndi mafizo amene anachitika masana. Kafukufuku wina wa ku Netherlands amene anatuluka mu 2018 anayesa zimenezi mwachindunji. Anthu okukuta mano usiku anauzidwa kuti aziwongola minofu ya nsagwada kwa masiku 10, ndipo pamapeto pake pakamwa pawo pankatseguka kwambiri kuposa kale, koma kukukuta kwa usiku sikunachepe.

Kulumanitsa mano masana ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti muike mtima. Kumeneku kulibe phokoso, choncho palibe amene amakudandaulirani, ndipo inu eni simudziwa kuti mukuchita. Munthu akakhala phee, osadya ndiponso osalankhula, mano akumwamba ndi akumunsi sayenera kukhudzana. Pakati pawo pamakhala mpata wa mamilimita 2 mpaka 4 ngakhale milomo ili yotseka. Mano amakumana potafuna ndi pomeza basi, ndipo nthawi yonseyo tikaiphatikiza siifika mphindi 20 pa tsiku. Odwala anga ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa moyo wawo wonse akhala akuganiza kuti kutseka pakamwa ndi kukumanitsa mano. Tsono taganizirani munthu amene wayang'anitsitsa manambala pakompyuta kuyambira m'mawa, mano atakumana maola angapo. Ngakhale asalume mwamphamvu, minofu ikugwira ntchito yosapumira. Yesani kufumbata dzanja mopepuka kwa ola lathunthu ndipo mudzamva mmene mkono umaumira; zimene zimachitika m'masaya n'zomwezo. Pa zimene ndaona m'zaka zimene ndagwira ntchitoyi, anthu ambiri obwera ndi dandaulo la usiku amapezeka kuti akulumanitsanso mano masana, ndipo akangosiya za masanazo ululu umachepa ngakhale usiku akukukutabe, chifukwa minofu imakagona itapumako.

Musanayambe mafizo, dziwani malo amene mukuwasamalira. Ikani zala m'masaya, kutsogolo kwa makutu chakumunsi, n'kuluma mano pang'ono. Mnofu umene watukuka pansi pa zala zanu umatchedwa masseter, ndipo ndi umene umakoka nsagwada mwamphamvu potafuna. Kenaka ikani zala m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu chakumwamba, n'kulumanso. Umene ukugunda pamenepo ndi temporalis, ndipo mwachionekere ndi umene ukukupatsani mutu wa m'mawa uja. Pomaliza ikani chala kutsogolo kwenikweni kwa bowo la khutu n'kutsegula pakamwa pang'onopang'ono. Chimene chikusuntha pamenepo ndi mfundo yolumikiza nsagwada ndi chibade. Mkati mwake muli kachinthu kofewa kophwatalala kamene kamakhala pakati pa mafupa awiriwo kuti asakhulane. Pakamwa pakamayamba kutseguka mfundoyi imangozungulira pamalo amodzi, ndipo pakatseguka kwambiri fupa limatsetserekera kutsogolo pamodzi ndi kachinthu kaja.

Mafizo oyamba, amenenso ndi ofunika kuposa ena onse, saoneka ngati mafizo n'komwe. Ndi kuphunzitsa nsagwada malo ake opumira. Tchulani mawu akuti "nana" pang'onopang'ono, ndipo muone pamene nsonga ya lilime ikugunda: ndi kumwamba kwa m'kamwa, kuseri kwa mano akutsogolo koma osawakhudza. Siyani lilime pamenepo mosakanikiza, tsekani milomo mopepuka, lolani nsagwada yakumunsi ilendewere yokha mpaka mano atasiyana, ndipo pumirani m'mphuno, mpweya uzifika m'mimba, maulendo 5 kapena 6. Zonsezi sizitha mphindi imodzi. Chovuta ndi kukumbukira. Khalidwe limene munthu amachita mosadziwa silingasinthe mpaka atayamba kudzipeza akulichita, choncho mufunika zokukumbutsani. Matani kapepala ka mtundu wowala pakona ya kompyuta, pachitseko ndi pagalasi, kapena tcherani foni kuti izilira pa nthawi zosiyanasiyana masana, ndipo nthawi iliyonse mukaona kapepalako kapena mukamva foniyo, dzifunseni kuti mano ali pati. Akakhala kuti akumana, alekanitseni, tsitsani mapewa, pumani, n'kupitiriza ntchito. Sabata yoyamba mudzadabwa ndi kuchuluka kwa nthawi zimene mudzadzipeza mutaluma, ndipo mudzayamba kuzindikira zimene zimakuchititsani: mwina ndi pamene manambala akukana kugwirizana, mwina ndi poyankha uthenga wovuta, poyendetsa galimoto kapena ponyamula katundu wolemera. Tipepalato muzitisuntha pakapita masiku angapo, chifukwa maso akazolowera chinthu amasiya kuchiona.

Ambiri mwa mafizo otsatirawa amachokera pa ndondomeko imene anakonza Mariano Rocabado, katswiri wa mafizo wa ku Chile, imene imadziwika ndi nambala 6: mafizo 6, alionse obwerezedwa maulendo 6, nthawi 6 pa tsiku. Simukukakamizidwa kutsatira manambalawo ndendende, koma mfundo yake ndi yabwino, yakuti kuchita pang'ono kawirikawiri kumaposa kuchita zambiri kamodzi madzulo. Khalani kutsogolo kwa galasi, msana uli wowongoka, lilime lili pamalo ake aja. Ikani zala za mkombaphala kutsogolo kwa makutu onse awiri, n'kutsegula pakamwa pang'onopang'ono mpaka pamene lilime likufuna kuchoka kumwamba, ndipo imani pomwepo. Lilime ndi limene likukuikirani malire, chifukwa likakhala kumwamba mfundo imangozungulira popanda fupa kutsetserekera kutsogolo. Pagalasipo yang'anani mzere wa pakati pa mano awiri akutsogolo akumwamba ndi wa akumunsi, ndipo onetsetsani kuti chibwano chikutsika molunjika, osakhotera kumanja kapena kumanzere. Chikakhota, bwererani, muchepetse liwiro. Tsekani pang'onopang'ono chimodzimodzi, mano asagundane. Kwa inu amene kumanja kumalira, mafizo amenewa ayenera kuchitika popanda kulira kulikonse, ndipo mukamva kulira ndiye kuti mwatsegula mopitirira.

Ena ndi okankha mopepuka. Pakamwa patseguke pang'ono, mano atasiyana, lilime lili kumwamba. Ikani chala kumbali ya chibwano n'kukankha pang'ono ngati mukufuna kuchisunthira kumanzere, koma nsagwada ikane kusuntha, kwa masekondi 5 kapena 6. Chitaninso mbali inayo, kenaka pansi pa chibwano mukukankhira m'mwamba. Mphamvu yake ikhale yochepa kwambiri moti munthu woonerera sangadziwe kuti mukukankha. Cholinga ndi kuphunzitsa minofu kugwira ntchito mogwirizana, ndipo kukankha kwa pansi pa chibwano kuli ndi phindu lina lakuti minofu yotsegula pakamwa ikamagwira ntchito, yotseka ija imamasuka yokha.

Apa ndichenjeze za chinthu chimene chafala pa intaneti. Kukugulitsidwa timipira ta labala totafuna timene amati timalimbitsa nsagwada ndi kukongoletsa nkhope, ndipo ena amalangiza kutafuna chingamu nthawi yaitali. Kwa munthu wokukuta mano zimenezi n'zowononga. Minofu yanu yatopa kale chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyeso, ndipo kuiwonjezera ntchito kumangokulitsa ululu ndi kupanikiza mfundo ija. Chingamu musiyiretu, pamodzi ndi kuluma zikhadabo, cholembera kapena mkati mwa tsaya. Masiku amene ululu wakula, pewani zakudya zolimba ndi zotafuna nthawi yaitali, dulani chakudya tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo tafunirani mbali zonse ziwiri. Koma musakhalitse pa zakudya zofewa zokhazokha kwa miyezi, chifukwa nsagwada yosagwiritsidwa ntchito imaumanso.

Kuthowa ndi kutikita ndi zimene zimabweretsa mpumulo msanga. Viikani kansalu m'madzi ofunda bwino osawotcha khungu, finyani, n'kukaika m'masaya kwa mphindi 10 mpaka 15, m'mawa pamene nsagwada zauma ndiponso madzulo musanagone. Mukatha, mano atasiyana, tikitani masseter ndi nsonga za zala ziwiri kapena zitatu, kuyambira pansi pa fupa la tsaya kutsikira ku ngodya ya nsagwada, mozungulira pang'onopang'ono. Mudzapeza timalo tolimba topweteka kuposa pena ponse. Pamalo potero kanikizani mosapitirira muyeso kwa masekondi 20 kapena 30 mpaka mutamva kuti pakufewa. Musadabwe ululu ukamamveka kwina, monga m'dzino, m'khutu kapena pamwamba pa diso, chifukwa minofu imeneyi imatumiza ululu kutali ndi pamene pali vuto, moti anthu ena amafika popempha kuti awazule dzino labwinobwino. Chitani chimodzimodzi m'mbali mwa mutu. Mphindi 2 mbali iliyonse n'zokwanira. Pamfundo penipeni, kutsogolo kwa khutu, musakanikizepo mwamphamvu, ndipo pakakhala potupa ndi potentha, kansalu kozizira ndi kamene kangathandize kuposa kofunda.

Kuwongola minofu kumafunika kwa okhawo amene pakamwa pawo pachepa kutseguka. Munthu wamkulu amatsegula pafupifupi mamilimita 40 mpaka 50 pakati pa mano akutsogolo, ndipo njira yapafupi yoyezera ndi kuimika zala zanu zitatu, cha mkombaphala, chapakati ndi chotsatira, pakati pa manowo. Zikalowa bwino popanda ululu, simufunika kuwongola chilichonse, ndipo amene zala zinayi zimalowa mosavuta asayese n'komwe, chifukwa mfundo zawo n'zolobodoka kale ndipo zingathe kuguluka. Zikakana kulowa chifukwa minofu yauma, yambani mwathowa, tsegulani mpaka pamene mukumva kukoka, ikani chala chachikulu pa mano akumwamba ndi cha mkombaphala pa akumunsi, n'kuthandizira pang'ono kwa masekondi 20 mpaka 30, maulendo 3. Kukoka kuzimveka m'tsaya. Kukamveka ngati kubaya pamfundo, kapena mukamva kuti nsagwada yafika pogunda polimba, lekani, chifukwa pamenepo chotchinga si mnofu.

Khosi musaliiwale. Munthu wokhala pakompyuta amakonda kutsogoza mutu, chibwano chili patsogolo, mapewa atakwera, ndipo kakhalidwe kameneka kamakoka minofu ya pansi pa nsagwada ndi ya kumbuyo kwa khosi. Mitsempha yonyamula ululu wa kumtunda kwa khosi ndi wa nsagwada imakumana pamalo amodzi pansi pa ubongo, n'chifukwa chake ululu wa malo awiriwa umayendera limodzi. Mutakhala mowongoka, bwezani chibwano kumbuyo molunjika popanda kuweramitsa mutu, mpaka mutamva kuti kumbuyo kwa khosi kwatalika, dikirani masekondi 5, n'kumasula. Kenaka kokerani mapewa kumbuyo ndi pansi. Kwezani kompyuta kuti ilingane ndi maso, musapanikize foni pakati pa khutu ndi phewa, musatsamiritse chibwano padzanja, ndipo usiku pewani kugona chafufumimba, chifukwa kumapotoza khosi ndi kukankhira nsagwada kumbali. Kuyasamula kukabwera, ikani nkhonya pansi pa chibwano kapena siyani lilime kumwamba kuti pakamwa pasatseguke mopitirira.

Lamulo la mafizo onsewa ndi lakuti kukoka pang'ono ndi kutopa n'zololeka, koma ululu wobaya, kapena ululu umene ukupitirira maola angapo mutamaliza, ukutanthauza kuti mwawonjeza. Za kulira kwa kumanja kuja, nthawi zambiri kumachitika chifukwa chakuti kachinthu kofewa ka m'mfundo kasunthira kutsogolo pang'ono, ndipo fupa limakadumphira potsegula pakamwa. Anthu ambiri amakhala nako moyo wawo wonse popanda vuto, ndipo kulira kopanda ululu sikufuna chithandizo. Chimene ndimaletsa ndi chizolowezi chomangoliza mfundoyo dala pofuna kumva ngati kulirako kukadalipo.

Tsopano tibwerere ku usiku. Popeza kukukuta kumatsatira kutsitsimuka kwa ubongo kuja, chilichonse chosokoneza tulo chingakukulitse. Fodya, mowa ndi khofi wambiri ndi zimene kafukufuku amazitchula mobwerezabwereza. Mowa umapusitsa anthu chifukwa umagonetsa msanga, koma tulo take timadukaduka usiku ukamapita. Khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zikhale za m'mawa, chifukwa caffeine, chinthu chochotsa tulo chimene chili m'zakumwazi, amakhalitsa m'magazi moti theka lake limakhala likadalimo pakatha maola pafupifupi 5. Mankhwala ena amayambitsanso vutoli, makamaka a matenda a nkhawa ndi kukhumudwa monga fluoxetine, sertraline, paroxetine ndi venlafaxine. Ngati mukumwa ena mwa amenewa ndipo kukukuta kunayamba kapena kunakula mutangowayamba, musawasiye panokha, koma kawauzeni adokotala amene anakulemberani, chifukwa pali njira zosinthira mlingo kapena mtundu wa mankhwalawo. Afunseninso amuna anu, popeza ndi amene amakumvani, ngati mumaliza mkonono kwambiri, ndiponso ngati mumasiya kupuma kwa kanthawi kenaka n'kudzidzimuka mukubanika. Zimenezi, pamodzi ndi kusinza masana, ndi zizindikiro za matenda obanika m'tulo, amene kawirikawiri amapezeka limodzi ndi kukukuta mano ndipo ndi oopsa kuposa kukukutako, chifukwa amakhudza mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Chilungulira nachonso n'chofunika kuchitchula kwa dokotala, chifukwa asidi wochokera m'mimba amafewetsa gawo lolimba lakunja kwa dzino, ndipo dzino lofewetsedwa ndi asidi likamakukutidwa limatha mofulumira kwambiri.

Nkhawa zimakhudza kwambiri kulumanitsa kwa masana, ndipo zimasokonezanso tulo. Sindingakuuzeni kuti musamade nkhawa, chifukwa malangizo otero sanathandizepo munthu, koma pali njira imene anayambitsa dokotala wa ku America, Edmund Jacobson, m'zaka za m'ma 1920, imene ndi yosavuta kuichita pabedi. Mumakunga gulu limodzi la minofu kwa masekondi 5, n'kulimasula kwa masekondi 20 kapena 30 mukumvetsera kusiyana kwake, kuyambira kumapazi kukwera mpaka kumapewa. Mukafika pansagwada musalume. Ingokanikizani lilime kumwamba pang'ono n'kumasula. Njirayi imathandiza kugona msanga ndiponso imamuphunzitsa munthu kuzindikira mnofu wokungika, ngakhale kuti umboni woti imachepetsa kukukuta kwenikweniko ndi wochepa. Nkhawa zikafika pokulepheretsani kugona masiku ambiri kapena kugwira ntchito, zimafunika chithandizo chakechake kwa mlangizi kapena dokotala wa za maganizo.

Mano anu ndi amene sangadikire zotsatira za mafizo. Gawo lolimba lakunja kwa dzino likaperepeseka silimeranso, choncho kufupika kumene mwaona kutsogoloko sikungabwerere kokha, koma kungaimitsidwe. Dzino limene likupweteka ndi madzi ozizira likaonedwe ndi dokotala wa mano masabata omwe ano, chifukwa mwina ndi kuperepeseka chabe, koma mwinanso labowoka kapena lang'aluka, ndipo mng'alu wopezeka msanga umatheka kuukonza pomwe wofika kumuzu nthawi zambiri umathera pozula. Adokotalawo mwina adzakupangirani chotchingira mano chovala usiku, chimene ambiri amachitcha splint. Chabwino ndi cholimba, chopangidwa potengera muyeso wa mano anu, chophimba mano onse akumwamba kapena onse akumunsi. Nachonso sichiletsa kukukuta, ndipo mwa anthu ambiri minofu imachepetsa ntchito masiku oyambirira okha kenaka n'kuyambiranso. Phindu lake ndi lakuti chimene chimatha ndi pulasitiki, mano n'kutsala. Zofewa zogula m'sitolo, zimene munthu amaviika m'madzi otentha n'kuluma, zingathandize kwa masiku ochepa podikira, koma anthu ena zimawachititsa kutafuna kwambiri m'tulo, ndipo zophimba mano ochepa okha zikavalidwa nthawi yaitali popanda dokotala kuziyang'anira zimatha kusuntha mano mpaka kusintha kalumidwe. Ngati pali zizindikiro za kubanika m'tulo zija, nenani chotchingiracho chisanapangidwe, chifukwa mwa ena chotchingira chakumwamba chimakulitsa kubanikako ndipo pamafunika cha mtundu wina.

Mankhwala opha ululu monga paracetamol kapena ibuprofen angagwiritsidwe ntchito masiku ochepa ululu ukakula, koma ibuprofen si wa anthu a zilonda za m'mimba, a matenda a impso kapena amayi oyembekezera. Jakisoni wa botulinum toxin, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Botox, amafooketsa masseter kwa miyezi 3 kapena 4. Amachepetsa mphamvu ya kukukuta popanda kuchepetsa kuchuluka kwake, ndipo ine ndimamusungira anthu amene njira zina zonse zawakanika. Wina akakuuzani kuti apale mano anu abwinobwino pofuna kuthetsa kukukuta, kafunseni kaye dokotala wina, chifukwa dzino lopalidwa silibwereranso ndipo gwero la vutoli silili m'kalumidwe.

Pali zizindikiro zimene zimafuna chipatala, mafizo aikidwe kaye pambali. Pakamwa pakakanika kutseka mutayasamula, ndiye kuti nsagwada yaguluka ndipo iyenera kubwezedwa ndi wachipatala tsiku lomwelo. Pakamwa pakangochepa kutseguka mwadzidzidzi, zala ziwiri zokha n'kumalowa, makamaka kulira kuja kutasiya, kachinthu ka m'mfundo kangakhale katatchinga njira, ndipo kuonedwa msanga kumathandiza. Kutupa kwa tsaya kapena kwa pansi pa chibwano kobwera ndi kutentha thupi ndi kuvutika kumeza kumasonyeza mafinya ochokera m'dzino, ndipo n'kwangozi. Nsagwada youma patapita masiku munthu atavulala chilonda chakuya ingakhale chiyambi cha kafumbata. Ululu wa nsagwada wobwera poyenda mofulumira kapena pokwera chitunda, pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta kapena phuma, ungachokere ku mtima, ndipo mwa amayi matenda a mtima amaonekera motero kawirikawiri kuposa mwa abambo. Kwa amene apitirira zaka 50, mutu watsopano wa m'mbali, nsagwada yotopa potafuna ndi maso ochita chidima ndi zizindikiro za kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa mutu, kumene kungachititse khungu ngati munthu sanalandire mankhwala mwamsanga. Dzanzi la kumaso limafunikanso kupimidwa, chimodzimodzinso kukukuta kobwera ndi kugwedezeka kwa thupi, kudziluma lilime kapena kukodzedwa m'tulo, chifukwa kumeneko kungakhale khunyu.

Ngati mulibe chilichonse mwa zimenezi, yambani ndi malo opumira a nsagwada, kuthowa ndi kutikita sabata yoyamba, ndipo mafizo a pagalasi ndi a khosi muwawonjezere sabata yachiwiri, okankha aja n'kubwera pomaliza ululu utayamba kuchepa. M'mawa uliwonse lembani m'kabuku kukula kwa ululu kuyambira 0 mpaka 10, zala zimene zikulowa pakamwa, maola amene mwagona, ndi zimene munamwa madzulo ake. Mwa odwala anga ambiri kusintha kumayamba kumveka pakatha masabata 2 mpaka 4. Pakatha masabata 6 mpaka 8 manambalawo osatsika, pitani nako kabukuko kwa dokotala wa mano kapena katswiri wa mafizo wodziwa za nsagwada, kuti akupimeni mfundo, minofu ndi khosi ndi manja ake, aone mmene mukuchitira mafizowo, ndipo ngati kuli kofunika akutumizeni kukajambulidwa kapena kukapimidwa muli m'tulo.